Kameretsedwe ka Marozi Kuchokera ku Njere za M'zipatso Zake

Duwa la rozi likangofota, ambirife timathamangira kulidula kuti tsinde liphukire maluwa ena msanga. N'chifukwa chake anthu ambiri amene akhala ndi marozi pakhomo zaka ndi zaka sanaonepo chipatso chake. Mukalisiya duwalo osalidula, timasamba take tikayoyoka, kamutu kobiriwira kamene kali kunsi kwake kamayamba kutupa, ndipo pakatha miyezi itatu kapena inayi kamasanduka kachipatso kofiira kapena ka mtundu wa lalanje. M'kati mwake mumakhala njere zolimba, ndipo iliyonse mwa njerezo ikhoza kumera n'kukhala rozi.

Tiuzane chilungamo tisanapite patali. Ngati muli ndi rozi wofiira amene mumamukonda ndipo mukufuna wina wofanana naye ndendende, njere si njira yake. Dulani nthambi mubzale, kapena mumezanitse. Marozi a m'minda ya maluwa akhala akusakanizidwa mitundu kwa mibadwo yambiri. La France, amene amatengedwa kuti ndiye woyamba wa marozi amakono, anatulutsidwa ndi Jean-Baptiste Guillot mumzinda wa Lyon ku France mu 1867, ndipo chiyambire pamenepo kusakanizako sikunaime. Zotsatira zake n'zakuti njere sibereka mwana wofanana ndi kholo. Rozi wofiira atha kukupatsani mbande ya maluwa a pinki, ina ya oyera, ina ya timasamba tisanu tokha, ina yopanda fungo n'komwe. Zambiri mwa mbandezo siziposa kholo lake pa kukongola. Koma iliyonse ndi rozi watsopano amene sanakhalepo kwina kulikonse, ndipo ambiri mwa marozi otchuka anayamba chomwechi. Peace wa Francis Meilland, amene anapatsidwa dzinali mu 1945, anali mbande ya m'njere. Chimodzimodzinso Iceberg woyera uja wa Reimer Kordes wa ku Germany, wa mu 1958, amene wadzaza m'mabwalo a nyumba kum'mwera kwa Africa kuno. Knock Out, amene anafika pamsika mu 2000, anameretsedwa ndi William Radler pakhomo pake ku Wisconsin m'dziko la America, osati pa munda wa kampani.

Werengani miyezi chobwerera m'mbuyo

Ntchito yonseyi yagona pa kuzizira. Makolo a marozi athu anachokera kumayiko a kumpoto, ku China, ku Ulaya ndi madera a pakati pake, kumene chisanu chimafika poumitsa madzi. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kuli rozi wachilengedwe mmodzi yekha, Rosa abyssinica wa kumapiri a Ethiopia. Njere ya rozi ikakhwima imagona, ndipo sidzuka mpaka itadutsa masabata angapo pamalo ozizira ndi achinyezi. Chimenechi n'chitetezo chake, chifukwa ikanati izimera itangogwa pansi, kambande kakanafa ndi chisanu. Kwathu kuno chisanu chotero kulibe, choncho ntchitoyo timaipatsa firiji.

Pali chachiwiri chimene ambiri sachiganizira. Njere yotuluka m'firiji imamera bwino kunja kukakhala kozizirira, madigiri a pakati pa 10 ndi 18. Mukaifesa kukutentha kwambiri, nthawi zambiri imabwerera kukagona, ndiye kuti masabata onse a m'firiji aja apita pachabe. Munthu wofesa njere za rozi mu Okutobala akungodzivutitsa. Nthawi yathu yabwino ndi kumapeto kwa Meyi mpaka Julayi.

Ndiye yambirani pa Juni n'kumawerenga chobwerera. Njere zikhale m'firiji masabata 8 mpaka 12, kutanthauza kuti zilowemo cha m'Marichi. Chipatso chimafuna miyezi pafupifupi inayi kuti chipse, kutanthauza kuti maluwa amene musiye osadula ndi a mu Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala. Ku Dedza, Ntcheu, Zomba, Thyolo, Mulanje, Mzuzu ngakhalenso Lilongwe ndi Chipata kalendala imeneyi imayenda bwino. Kuchigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja n'kovutirapo, ndipo kumeneko muyenera kufesera pamalo ozizira kwambiri amene muli nawo pakhomo. Abale amene muli ku Britain zanu n'zapafupi: zipatso za rozi wakuthengo zimapsa m'mipanda cha mu Okutobala, mukhoza kufesa mumphika n'kuusiya panja nyengo yonse ya chisanu, mbande zidzatuluka zokha kukayamba kufunda, ngakhale zina zimadikira chaka chachiwiri.

Duwa loti mulisiye

Si rozi aliyense amabereka. Maluwa othinana kwambiri timasamba amatsekereza njuchi, ndipo mitundu ina, kuphatikizapo La France yemwe uja, njere zake n'zosowa. Amene amabereka mosavuta ndi marozi a maluwa otseguka, amene pakati pake pamaoneka tinthambi tachikasu tonyamula mungu. Yendani m'munda mwanu kapena mwa anansi, muone tsinde limene linaiwalika kudulira. Ngati lili ndi tizipatso, limenelo ndiye kholo labwino. Maluwa ogula m'sitolo oika m'botolo la madzi musawawerengere, amafota chipatso chisanapangike.

Sankhani tsinde lathanzi, limene masamba ake sachita madontho akuda pafupipafupi nthawi ya mvula, chifukwa kufooka ku matenda kumatsatira ana. Siyani maluwa asanu kapena khumi, ndipo mumangirire kaulusi pa lililonse kuti wodulira maluwa pakhomopo asawatsadzule. Ena adzayoyoka okha chipatso chisanakhwime. Zimachitika, makamaka kukatentha kwambiri kapena mvula ikachuluka.

Ngati mukufuna kusankha nokha bambo wa mbande zanu m'malo mosiyira njuchi, chitani motere. Madzulo, pezani duwa limene latsala pang'ono kutseguka pa rozi amene mukufuna akhale mayi. Thotholani timasamba take tonse, kenako ndi kasizasi kakang'ono chotsani tinthambi tonse ta mungu, musiye timitu tapakati tokha. Livindikireni ndi kathumba ka pepala. Pa rozi amene mukufuna akhale bambo, dulani tinthambi ta mungu pa duwa longotseguka kumene, mutiike m'kabotolo kouma kosatseka, tigone usiku umodzi. M'mawa mudzaona kaufa kachikasu pansi pa kabotolo. Tengani kaufako ndi kaburashi kofewa kapena ndi chala choyera, mupake pa timitu ta duwa la mayi, mubwezere kathumba kaja kwa sabata imodzi. Lembani mayina a makolo awiriwo pa kapepala kolimba ndi pensulo, kuyambira ndi mayi. Inki ya bolopeni imafufutika ndi mvula ndi dzuwa, pensulo sifufutika.

Kuthyola ndi kutulutsa njere

Thyolani chipatso chikasintha mtundu koma chikadali cholimba mukachitsina. Musadikire kuti chifewe, chikwinyike kapena chiume pa tsinde, chifukwa njere zouma zimagona tulo tatikulu ndipo zimavuta kudzutsa. Marozi ena zipatso zawo sizifiira kwenikweni, zimangochita chikasu mbali imodzi. Ngati miyezi inayi yakwana ndipo kaphesi kake kayamba kuuma, thyolani.

Tsiku lomwelo kapena mawa lake, ng'ambani chipatso pakati ndi mpeni, mosamala kuti musadule njere. Kokotani njerezo ndi nsonga ya mpeni kapena kasupuni. Chipatso china chimakhala ndi njere imodzi kapena ziwiri zazikulu, china makumi angapo zazing'ono. Chenjerani ndi tiubweya toyera timene timakuta njerezo: timayabwa ngati chitedze. Valani magulovu kapena kajumbo kumanja, musakande m'maso kapena m'khosi, ndipo ana akhale patali. Mnofu wa chipatsocho uli ndi vitamini C wambiri, moti ku Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ana a sukulu ankatumidwa kukatola zipatsozi kuti apangire madzi otsekemera omwetsa makanda. Koma za pa rozi wopoperedwa mankhwala musadye kapena kuphikira tiyi.

Tsopano tsukani, ndipo apa musachite ulesi. Ikani njere m'sefa, muzipekese ndi chala pansi pa madzi mpaka mnofu ndi ubweya zonse zitachoka. Kamnofu kotsalira ndiko kamayambitsa chuku m'firiji, komanso kamachedwetsa kumera. Mukatero, sungunulani masupuni aang'ono awiri a Jik m'kapu yodzadza madzi, muviikemo njere mphindi zochepa, kenako muzitsukuluze ndi madzi oyera kangapo konse.

Mudzamva ena akunena kuti njere zoyandama pamadzi n'zopanda kanthu m'kati ndipo muzitaye. Nthawi zina n'zoona, koma si nthawi zonse, ndipo mitundu ina njere zake zabwinobwino zimayandama. Ine ndimati ngati muli nazo zambiri, tayani zoyandamazo. Ngati n'zochepa, makamaka za duwa limene munathira mungu nokha, sungani zonse.

Njere zotsuka zisaume. Pitani nazo ku gawo lotsatira nthawi yomweyo.

M'firiji

Pezani mchenga wa kumtsinje, muusefe, muutsuke, muuwiritse kapena kuuthira madzi owira, uzizire. Ufinyeni m'manja. Ukhale wonyowa koma osadontha madzi. Sakanizani njere ndi mchenga wodzadza dzanja limodzi, muike m'kajumbo koonekera m'kati kapena m'kakontena kotsekeka bwino. Ena amagwiritsa ntchito kansalu koyera konyowa m'malo mwa mchenga, ndipo ubwino wake ndi wakuti njere zimaoneka mosavuta, koma chuku chimakonda nsalu kuposa mchenga. Lembani dzina la kholo ndi tsiku. Rozi aliyense akhale ndi kajumbo kake.

Ikani m'chipinda chachikulu cha firiji, m'kabati ya ndiwo zamasamba muja, mmene kuzizira kumakhala madigiri 1 mpaka 5. M'chipinda choumitsira nyama ayi. Njere youma gwa ndi ayezi imangoima, masiku ake sawerengeka, ndipo ikhoza kufa. Auzeninso a pakhomo kuti kajumbo ka mchengako si zinyalala.

Kamodzi pa sabata tsegulani muone. Mchenga ukayamba kuuma, donthezerani madzi pang'ono. Mukaona chuku pa njere, zitsukeni m'madzi a Jik ochepa mphamvu aja, musinthe mchenga, mubwezere. Njere yofewa imene ikuphwanyika mukaitsina yawola, itayeni. Kuyambira sabata yachisanu ndi chimodzi yang'anitsitsani, chifukwa zina zimang'ambika n'kutulutsa kamuzu koyera zili m'firiji momwemo. Imeneyo isadikire anzake, ibzaleni tsiku lomwelo.

Nanga magetsi akamazimazima? Kuzima kwa maola angapo sikuwononga kanthu bola chitseko chisamatsegulidwe pafupipafupi. Ikani mabotolo a madzi ozizira pafupi ndi kajumboko kuti azisunga kuzizira. Ngati firiji yakhala yosayaka masiku angapo, onjezerani sabata imodzi kapena ziwiri kumapeto. Amene mulibe firiji, kajumbo kameneka n'kakang'ono, mnansi kapena mwini golosale wodziwana naye sangakukanizeni malo. Kumadera okwera kwambiri mukhoza kuyesa kufesa mu Meyi mumphika woikidwa kum'mwera kwa nyumba, kumene dzuwa la Juni silifika, kuti usiku wozizira ugwire ntchitoyo. Zomera zimakhala zochepa poyerekeza ndi za m'firiji, koma zina zimamera.

Marozi akuthengo, monga Rosa canina wa ku Ulaya, ndi ouma mutu kwambiri. Njere zawo zimafuna masabata angapo pofunda ndi ponyowa zisanalowe pozizira, ndipo zina zimamera chaka chachiwiri. Ngati wina wakubweretserani zipatso kuchokera ku Lesotho kapena kumapiri a South Africa, n'kutheka kuti ndi za Rosa rubiginosa, amene anafalikira m'tchire kumeneko mpaka kukhala chomera chovutitsa. Ameneyo musamumeretse n'kumulekerera m'munda.

Kufesa

Dothi lofesera likhale lopepuka ndi loyera: theka mchenga wa kumtsinje, theka kompositi yowola bwino yosefa. Manyowa a khola musaikemo. Nyowetsani dothilo, muliike mumphika wakale kapena m'chidutswa cha mgolo, muvindikire, mulitenthe pamoto kwa theka la ola kuti nthunzi iphe tizilombo ndi njere za udzu. Lizizire kaye. Zofeseramo zikhoza kukhala beseni lakale, zigubu zodula pakati kapena miphika, bola zikhale zotsuka, zakuya masentimita 10, ndi zoboola pansi kuti madzi asadikhe.

Fesani njere motalikirana masentimita 5, muzikwirire ndi dothi lokwana theka la sentimita mpaka sentimita imodzi. Pamwamba wazani kamchenga kouma pang'ono. Njere imene yatulutsa kale kamuzu inyamuleni ndi kamtengo ka machesi, kamuzuko kaloze pansi, ndipo musakakhudze, kamathyoka msanga. Thirirani ndi kheni ya timabowo tating'ono kapena botolo loboola chivindikiro.

Ikani beseni pamalo owala koma osawombedwa ndi dzuwa la masana, pokwera, monga pa thandala kapena patebulo pakhonde. Makoswe amafukula njere, nkhuku zimapalasa, ndipo nkhono zimamaliza mbande zonse usiku umodzi. Kasefa ka waya kapena chidutswa cha neti yakale pamwamba chimathetsa zambiri mwa zimenezi.

Zoyamba zimatuluka pakatha masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi, zina zimatsatira mwa apo ndi apo. Musayembekezere kuti zonse zimere. Nthawi zambiri zomera sizifika ndi theka lomwe, ndipo n'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi njere 50 kapena kuposerapo osati zisanu. Kukayamba kutentha mu Seputembala kumera kumaima. Beseni musalikhuthule. Lisungeni pamthunzi, lisaume kotheratu, kapena sefani njere zotsalazo muzibwezere m'firiji, mudzafesenso chaka chamawa.

Masabata oopsa

Kambande kamatuluka ndi timasamba tiwiri tobulungira tosafanana n'komwe ndi masamba a rozi. Musakazule poganiza kuti ndi udzu. Masamba enieni, a m'mphepete mwa manomano, amabwera pambuyo pake. Kambande kena kamatuluka koyera kapena kachikasu mbuu, kopanda kubiriwira. Kameneko sikakhalitsa, ndipo si kulakwa kwanu.

Mdani wamkulu ndi matenda amene aliyense wofesa fodya kapena tomato pa nazale amawadziwa: mbande yabwinobwino madzulo, m'mawa mwaipeza yagwa, tsinde lake lanyala ndi kuda pamene lakhudzana ndi dothi. Amayamba ndi chinyezi chochuluka ndi kusowa mpweya. Yagwa yagwa, sidzukanso. Ichotseni pamodzi ndi dothi lozungulira. Kupewa kwake ndi dothi lotenthedwa pamoto lija, kuthirira m'mawa mokha, kudikira kuti pamwamba paume pang'ono musanathirirenso, ndi kusavindikira beseni ndi pulasitiki. Kukachita chiperoni masiku angapo, musathirire n'komwe pokhapokha dothi litauma. Ambiri amapha mbande zawo ndi chikondi cha madzi, osati ndi ludzu.

Mbande zikatuluka zipatseni dzuwa la m'mawa maola atatu kapena anayi. Zikasowa kuwala zimatalika monyozoloka n'kugwa. Nsabwe zobiriwira zikafika pa nsonga, ziphwanyeni ndi chala kapena zitsukeni ndi madzi a sopo ochepa mphamvu. Mankhwala opopera marozi akuluakulu amawotcha mbande.

Masamba enieni akakwana atatu kapena anayi, wokerani m'machubu. Thirirani kaye, tukulani mbande ndi kasupuni pamodzi ndi dothi lake, muigwire tsamba osati tsinde. M'chubu muike dothi la chonde losakaniza ndi mchenga ndi kompositi. Ikhale pamthunzi masiku atatu, kenako muziizoloweza dzuwa pang'onopang'ono. Pakatha masabata awiri yambani kuthira feteleza wosungunula m'madzi, koma gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo wolembedwa pa paketi, kamodzi pa masabata awiri. Feteleza wa timibulu pafupi ndi tsinde lanthete amapha.

Duwa loyamba

Apa pali chodabwitsa kwa woyamba kumene. Mbande za marozi amakono, amene amachita maluwa mobwerezabwereza chaka chonse, zimatha kutulutsa duwa pakangotha miyezi iwiri chimerereni, zili zazifupi kosakwana chikhatho. Pamene mbande za marozi akuthengo ndi ena oyanga amene amachita maluwa kamodzi pachaka zimakudikiritsani zaka ziwiri kapena zitatu. Ndiye mbande yopanda duwa chaka choyamba musafulumire kuiweruza ngati kholo lake ndi lamtundu umenewo.

Duwa loyamba limakhala laling'ono ndi la timasamba tochepa. Mtundu wake sudzasintha kwenikweni, ndipo fungo ngati lilipo limamveka kale. Kukula kwa duwa ndi kuchuluka kwa timasamba kumawonjezeka tsinde likamakula, ngakhale kuti la timasamba tisanu kawirikawiri limakhala la tisanu mpaka kalekale. Mukaliona ndi kulijambula, lidulenipo msanga kuti mphamvu ipite ku mizu. Lembani m'kope nambala ya mbande, makolo ake, mtundu ndi fungo.

Kenako pamabwera ntchito yowawa, kusankha. Mbande imene masamba ake achita zoyera ngati awazidwa ufa pamene anzake ali bwinobwino, kapena imene yayoyoka masamba ndi madontho akuda mvula itangoyamba, idzakhala yodwaladwala moyo wake wonse, ngakhale duwa lake likongole chotani. Makampani obereketsa marozi amafesa mbande masauzande ambirimbiri chaka chilichonse n'kutsala ndi zowerengeka, ndipo zimawatengera zaka pafupifupi khumi kuti rozi mmodzi afike pamsika. Inu simukugulitsa, choncho mukhoza kusunga wina chifukwa choti wangokusangalatsani, koma wodwala musamusunge pakati pa athanzi.

Zosankhidwazo zibzaleni m'munda mvula ikakhazikika mu Disembala, ngati mizu yadzadza chubu ndipo tsinde lafika masentimita 20 kapena 30. Zofooka zidikire m'machubu aakulu mpaka chaka china. Dzenje likhale la theka la mita kuya ndi m'lifupi momwe, losakaniza ndi manyowa owola bwino, pamalo a dzuwa la maola asanu ndi limodzi ndiponso osadikha madzi. Phimbirani ndi udzu wouma koma usakhudze tsinde, poopa chiswe. Mu Julayi woyamba, pamene mukudulira marozi akuluakulu, awa ingowachotsani nthambi zouma ndi zopingasa basi.

Mukapeza mmodzi wokukomerani pakatha zaka ziwiri, kumbukirani kuti alipo yekhayo. Chiswe, mbuzi kapena khasu la waganyu zikhoza kumumaliza tsiku limodzi. Dulani nthambi zingapo zokhwima pang'ono, zotalika masentimita 15 mpaka 20, muchotse masamba a m'munsi, muzizike mumchenga wonyowa pamthunzi, ndipo zikagwira mubzale zina pakhomo pa m'bale wanu.